Nsapato za Killian

Dyna analowa m'dziko la England kudzera pa ukwati. Mwamuna wake, Killian, anali mkhalakale ku London, woyendetsa basi, unzika ali nawo. Dyna anapatsidwa viza yodalira banja: akhale zaka zisanu, ukwati ukapanda kupasuka adzapatsidwe chilolezo chokhaliratu. Ndiye m'kafulati kawo ku Ilford ankakhala ngati anthu owasuzumira pazenera. Chilichonse mayina awiri, ngakhale pa belu la pakhomo. Akayamba kukangana, Killian ankaloza kudenga.

"Tsitsa mawu, mayi. Ankhoswe a boma akumva."

Dyna ankaseka asakufuna. Koma masiku ena mantha ankamugwira ndithu, ndipo Killian ankamuuza kuti, "Iwe, ndinakutenga ndine. Sindingakusiye pakati pa mtsinje. Ndikuwolotsa kaye."

Koma anamusiya. Mtima unangoima ali kudepoti, atangotsika m'basi, chaka chachisanu chisanathe.

Viza ya Dyna nayo inali kumapeto. Loya anamuuza kuti mkazi wamasiye ali ndi njira yake yopemphera kukhaliratu, koma pempho likalowa asayerekeze kutuluka m'dziko yankho lisanabwere, apo ayi pempholo lafa. Motero bokosi linapita ku Mulanje ndi Marjorie, mlongo wake wa Killian, namwino wa ku Peckham. Dyna anaonera maliro pafoni, chithunzi chikudukaduka. Dothi sanaponye.

Zinayamba sabata yomweyo.

Killian ankakonda shifiti ya m'mamawa, n'kumaweruka dzuwa litapendeka. Akafika pakhomo anali ndi kachitidwe kake: kupukuta mapazi pachopondera nthawi yaitali ngati wachokera kudimba, kutsokomola kamodzi, kenako kiyi. Tsiku lina Dyna akusita yunifomu yake ya kunyumba yosamalira okalamba, anamva kwee, kwee, kwee pachopondera. Kenako chifuwa chija. Anadikira kiyi, simbi ili m'manja. Kiyi sanalire. Atatsegula anapeza khonde lili zii, fungo la anyezi wa aneba basi. Nsapato za Killian zakuntchito zinali pomwe ankazisiya, mkati, kumbuyo kwa chitseko.

Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Anasintha mashifiti kuti nthawi imeneyo izimupeza pakhomo.

Marjorie atabwerako kumaliro anafika ndi chikwama chachikulu chopanda kanthu.

"Alamu, amalume andituma. Akuti mwalira mokwanira. Zovala za achimwene zipite kumudzi akagawane, inu muvule zakudazi, tikusudzuleni. Mukadali mwana inu."

"Mundisudzule? Boma likundidziwa ngati mkazi wa Killian."

"Aa, boma ndi mwambo zikugwirizana pati? Mukuganiza kuti azungu aja ali ndi fomu ya kusudzula?"

"Yankho libwere kaye."

Marjorie anayang'ana nsapato zija, zopolishidwa mpaka kuwala, n'kuyang'ananso jekete pamsomali, miswachi iwiri m'kapu. Anatsitsa mawu.

"Alamu, wakufa samangidwa mwendo. Mukumusungira chikondi kapena mapepala?"

Funso limenelo ndi lomwe linkamudya Dyna ali yekha mu sitima. Anamulola kupita kumanda wopanda mkazi pambali chifukwa cha pepala. Nanga wobwera pakhomoyu ankabwera kudzamuona, kapena kudzamufunsa mlandu? N'chifukwa chiyani sankalowa?

Nthawi ija inakwana Marjorie akadali pampando. Kwee, kwee, kwee. Chifuwa. Dyna anamuyang'ana mlamu wake m'maso.

"Mwamva?"

"Ndamva chiyani?" Marjorie anatero, koma anali ataimirira kale, ndipo potuluka anadumpha chopondera osachiponda. Chikwama anachisiya.

Chisanu chinatha, mitengo ya mumsewu inaphukira. Yankho linamupeza Dyna ali kuntchito, akumwetsa tiyi nkhalamba ina. Foni inanjenjemera m'thumba, anakawerengera kubafa: waloledwa kukhala m'dziko muno popanda malire. Anawerenga kawiri. Sanaimbire munthu. Anaganiza zoti asauze ngakhale Marjorie, chifukwa akangomuuza, chodzikanira chatha, nsapato zilowa m'chikwama.

Anathamangira kunyumba kuti nthawi isamupitirire. Anafika thukuta lili kamukamu, anakoka mpando n'kukhala moyang'ana chitseko, foni ili pamiyendo. Lero akangomva chifuwa, ayankhula. Amuuza kuti zatheka. Amupepesa za dothi lija.

Dzuwa linapendeka pazenera la kukhitchini. Ana a aneba anadutsa akukokerana zikwama za kusukulu. Wina pansi anamenyetsa chitseko. Basi inaima kunja, n'kunyamukanso.

Pachopondera panalibe kanthu.

Anadikira mpaka kuwala kunachoka pakhoma. Anatsegula, anasuzumira uku ndi uku, anapondaponda yekha chopondera chija kuti amve ngati chimalirabe. Chinalira bwinobwino. Mawa lake anadikiranso, ndi mkuja womwe. Zii.

Apa m'pamene mawu a Killian aja anamubwerera, ndi kaseko kake komwe. Ndikuwolotsa kaye.

Anakhala pansi pakhonde pomwepo, nsana kukhoma, nalira kulira kumene sanalire tsiku la maliro, mpaka mayi wa fulati yoyandikana anatsegula n'kutsekanso mwakachetechete.

Atatha anatenga chikwama cha Marjorie. Jekete analipinda. Nsapato anazikulunga m'chitenje chake, osati m'pulasitiki. Kenako anaimba foni.

"Alamu, auzeni amalume ndamva. Koma asandisudzulire kuno ayi."

"Nanga kuti?"

"Ku Mulanje. Katunduyu ndipita naye ndekha. Mukandionetse pomwe anagona."

Marjorie anafunsa kuti, "Nanga mlendo wanu uja?"

Dyna anayang'ana kumbuyo kwa chitseko, pomwe panatsala madindo awiri oyera a nsapato zija pakapeti.

"Waweruka," anatero.