Foni ya Atelala

"Tandichotsera chinthu ichi, chandikwana," anatero mayi, akukankhira pakati pa tebulo foni ya malemu amuna awo.

Chiikireni maliro foniyo sinkapuma. Makasitomala ankafuna zovala zomwe atelala anasiya zosamaliza, ndipo manambala awo onse anali mmenemo. Koma foniyo inali m'chilankhulo chomwe mayi sankachidziwa. Chikanakhala Chingerezi bwenzi akulimbana nacho. Ichi ngakhale podina poyankha ankachita kulota.

Mwana wawo wachisamba, yemwe ankalongedza makapu obwereka kwa aneba, anaitola n'kukwinya nkhope.

"Si chilankhulo cha mpongozi wanu ichi?"

Mpongoziyo anali kukhitchini, akutsuka mapoto. Mwamuna wake, mzime wa m'nyumbamo, anali atabwerera kuntchito, n'kumusiya kuti athandize. Anali mkazi wochokera dziko lina. Chichewa chake, monga ankachidziwira mayi, chinkathera pa moni ndi zikomo, ndipo mayi analibe mtima wophunzitsa munthu wamkulu kulankhula. Ankangomulozera tsache kapena ndowa.

"Ndiye bambo ako ankachifuniranji?" anafunsa mayi. "Ine kukhala nawo zaka zonsezi, iwo n'kumandikhomera foni ndi mawu achilendo. Ankabisa chiyani?"

"Ababa kubisa? Munthu woti ngakhale mphatso ya pa Khirisimasi ankaulula isanafike?"

"Usandiseketse, mutu ukundiwawa."

"Ndingofufuta zonse, ndiike Chingerezi, ikhale yanu. Yanuyo galasi lake lili ngati ukonde wa kangaude. Manambala ndiwakopera kaye."

Mayi anayang'ana makina osokera pakona. Thalauza la munthu wina linali likadali pansi pa singano, mwendo umodzi wopinda, wina ayi.

"Fufuta," anatero.

Mwanayo anadinadina, koma sankapeza posinthira. Anatsonya n'kuitana mokweza, monga ankachitira onse polankhula ndi mpongoziyo, ngati vuto lake linali makutu.

"Alamu! Tabwerani. Apa, posinthira chilankhulo. Pati?"

Mpongozi anabwera akupukuta manja pasiketi. Anayang'ana foni, n'kubisa manja kumbuyo.

"Ayi kusintha," anatero.

"Taonani zinazi! Foni ndi ya bambo anga, wokaniza ndi inu?"

"Ababa anati, ndiike chilankhulo changa. Ine ndinaika." Ankasaka mawu ngati munthu wofufuza singano m'mulu wa zidutswa. "Anati, m'nyumba muno onse akulankhula, iwe uli chete. Si bwino. Ine ndakalamba, buku ayi. Foni ndimagwira tsiku lonse. Idzandikakamiza."

Mayi anakumbukira amuna awo atakhala pamakina, magalasi ali pamphuno, akutukwana foni chifukwa yawatayira uthenga wa kasitomala. Anakumbukiranso mmene m'mawa ankaimirira pakhomo la khitchini n'kunena timawu tina topotoka, mpongozi n'kuseka mpaka kugwira khoma. Mayi ankangoti ndi zibwana za ukalamba.

"Anachidziwa?" anafunsa mayi.

"Moipa," anatero mpongozi. "Moipa kwambiri."

"Chabwino, tamva," anatero wachisamba. "Koma amayi sangamayende ndi womasulira kumbuyo. Makasitomala akudikira."

Foni inalira m'manja mwake, kulira kwa wotchi yodzutsa. Masana aliwonse chiyambire maliro inkalira choncho, ndipo mayi ankaivundikira pansi pa khushoni mpaka itope yokha. Pagalasi panatuluka mawu ochepa.

Mpongozi anawawerenga, n'kulowa kuchipinda. Anabwerako ndi kabotolo ka mapiritsi a kuthamanga kwa magazi ndi madzi m'kapu. Mayi anali asanamwe mapiritsiwo kuyambira tsiku lomwe amuna awo anagonekedwa m'chipatala. Sankawakumbukira okha. Atelala ndiwo ankaimitsa makina n'kuwabweretsera.

"Palembedwa chiyani pamenepo?" anafunsa mayi.

"Alemba ababa, asanapite kuchipatala. Sindinaone, inali pansi pa khushoni." Mpongozi analoza ndi chala, akumasulira liwu ndi liwu. "Mwana wanga. Apatse amayi mankhwala. Akana. Usachoke."

Wachisamba anaika foni pansi pang'onopang'ono.

"Sindikufuna, andichititsa nseru," anatero mayi.

Mpongozi sanasunthe. Anaima pomwepo, kapu ili m'dzanja, mutu atapendeketsa ngati mmene ankaimira atelala. Mayi anamuyang'ana kwa kanthawi, n'kutsonya, n'kumeza piritsi.

"Ndiye ndifufute?" anafunsa wachisamba motsitsa mawu.

"Bweza makapu a eni ake uko."

Mayi anakoka mpando wa amuna awo n'kuuguguda ndi dzanja kuti mpongozi akhale. Anamukankhira foni ija.

"Tipeze mwini thalauza uyu," anatero. "Ndipo polankhula usathamange. Undionetse podina."