Mzungu Padenga la Boti

Bambo anamwalira Lachiwiri, ndipo amonke, ansembe a kukachisi kwathu, ananena kuti mtembo uwotchedwe Lachinayi dzuwa likapendeka. Achimwene anga a Khamlay anandiimbira kuhotela komwe ndimagwira ntchito ku Luang Prabang. "Viengkham mlongo wanga, ukwere boti la m'mawa. Ukachedwa suwaonanso nkhope."

Kwathu kulibe msewu, njira ndi mtsinje wa Ou basi. Boti linali la a Somchit, mkulu wosaseka, ndipo kumbuyo kwake kunkakupiza kambendera kofiira ka chipani. Munali matumba a mpunga, mayi wina ndi nkhumba yake, ndi azungu anayi okhala ndi zikwama zakumsana ngati akusamuka mudzi.

Titayenda maola atatu, mtsikana wachizungu anandigwira paphewa. Anali atamva kuti ndimalankhula Chingerezi. Akuti, kodi angakwere padenga kuti ajambule mapiri?

Ngakhale mwana amadziwa kuti mkazi sakwera padenga la boti. Kumeneko n'kukhalira pamutu mzimu wosunga botilo. Koma zaka zisanu ndi ziwiri za kuhotela zinandiphunzitsa kuti mlendo sumuuza kuti ayi. Pakamwa panga panamwetulira pokha.

"Palibe vuto," ndinatero. Mumtima ndinkati wina amuletsa.

Palibe anamuletsa. A Somchit anangoona chithunzithunzi chake pamadzi, tsitsi lili petupetu. Anakhotetsa boti, kuliguguda pamchenga, n'kuzimitsa injini. Zii.

"Atsike! Ndani wamulola ameneyu?"

Mayi wa nkhumba uja anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana nkhumba.

"Amalume, watsika kale," ndinawachonderera. "Tiyeni chonde, bambo anga akuwotchedwa lero."

"Pepa mwananga. Koma kutsogoloku kuli miyala ija. Sindilowapo ndi boti lokwiya."

"Nanga mbendera yanuyi? Si chipani chomwecho chinatiphunzitsa kusukulu kuti mizimu kulibe!"

"Aphunzitsi akowo anayamba adutsitsa boti pamiyalapo?"

Anthu anaseka. Ine ndinkafuna kuwaponyera nsapato.

Pofuna kupepesa mzimuwo pankafunika mpunga womata, maluwa, kandulo, kachasu ndi dzira lowiritsa. Mpunga, maluwa ndi makandulo ndinali nazo, zoti ndikaike pabokosi la bambo. Ndinapereka. Kachasu a Somchit sasowa. Koma dzira! Boti lonse, nkhumba ilipo, wailesi ilipo, dzira ayi. Akazi awo a Somchit, omwe analinso m'botimo, anayamba kukwera mtunda kupita kukamudzi ka pamwamba, akuyenda ngati akukaona anansi.

Azungu aja anavula malaya n'kuyamba kusambira. Mtsikana uja anabwera kudzandifunsa ngati injini yawonongeka. Ndikanamuuza zoona, ndikanayambira pa ine mwini. Ndinangogwedeza mutu movomera. Ndinakwiyira iye, ndinakwiyira a Somchit, ndinakwiyira nkhuku za m'mudzimo, koma amene ndinkafuna kumumenya mbama kwenikweni ndinali ine.

Dzira linabwera laliwisi. Anakoleza moto pamchenga pomwepo, nkhuni zake zonyowa. Ine maso ali padzuwa. A Somchit anagwada kutsogolo kwa boti, kuyatsa kandulo ya bambo anga, n'kuyamba kunong'ona mosafulumira ngakhale pang'ono. Pamiyala paja tinadutsa bwinobwino, ndipo anatembenuka kundiyang'ana ngati andichitira zabwino.

Utsi wa pamaliro ndinauona tisanakhote pagomo lomaliza. Unali utayamba kale kuyera.

Padoko panaima achimwene, atameta mutu ndi nsidze, atavala nsalu yachikasu. Anali atalowa umonke wa tsiku limodzi, monga achitira ana aamuna pamaliro a kholo. Ndinathamanga kuti ndiwakumbatire, iwo n'kubwerera m'mbuyo. Mkazi sakhudza mmonke. Ndinagwada m'matope momwemo.

"Tinadikira ola lathunthu bokosi lili chitsegulire," anatero. "Unali kuti?"

Ndisanayankhe, mtsikana uja anafika kumbuyo kwanga, chikwama kumsana. Anaona misozi yanga, nkhope yake n'kugwa. Munthu wabwinobwino ndithu. Anandifunsa ngati pali chimene chalakwika.

Ndinamva masaya anga akukokeka okha kuti ndimwetulire, pamaso pa achimwene, utsi wa bambo uli pamwamba pathu.

"Palibe vuto," ndinatero.