Mawaya Awiri a Narelle

Narelle Kostas, namwino wa mumzinda wa Toowoomba, anatha miyezi itatu akuphwasula ndi kumanganso yekha injini ya galimoto yake yampikisano, n'kuikamo tabo yaikulu, chipangizo chowonjezera mphamvu ya injini. Loweruka m'mawa anapotokola kiyi mtima uli m'mwamba. Injini inatsokomola kawiri, inaphulitsa utsi wakuda, kenako zii.

Bambo ake, a Stavros, amene anali makaniko asanachite khungu, anali khale pakhomo la galaja akudya chitumbuwa cha nyama.

"Liwiro lija ndi limeneli?" anaseka. "Ngakhale makina anga otchetchera kapinga angaisiye kumbuyo."

"Adadi, musandiyambe. Chilichonse ndamanga bwinobwino."

"Taliza kachiwiri ndimve."

Narelle analizanso. Mkuluyo anasiya kutafuna, napendeketsa mutu.

"Wasemphanitsa mawaya a mapulagi, mwana iwe. Wa nambala faifi ndi wa seveni."

Narelle anawalondola ndi chala. Zinalidi zoona! Anawasintha, n'kudumphira pampando osapukuta n'komwe girisi m'manja.

Ulendo uno injini inabangula mpaka masipanala anayamba kuvina patebulo. Tabo inaimba mluzu, zinkhwe zoyera zimene zinali padenga n'kubalalika zikulalata. Narelle anakuwa, akumenya chiwongolero ndi manja onse awiri.

A Stavros anadzuka, napapasa mpaka chikhatho chawo chinagwira galimotoyo. Inkanjenjemera mosalala, osadumphadumpha.

"Ponda moto!" anafuula. "Pondanso! Eyaa! Kakoke ngolo yonyamulira galimoto tiikweze, lero kubwalo la mpikisano n'kotsegula. Ndipo usandisiye, ndikhala pambali pako."