Mtedza Wachuku

Kwa zaka makumi atatu, ine ndi amuna anga a Gilibati tinkagulitsa mtedza wabwino ku Mitundu, wachuku n'kumakazinga pachiwaya. Ndinkati moto umapha zonse. Ankautafuna ndi iwowo kudimba, poti ine mano anatha kalekale.

Mimba yawo itatupa tinapita kuchipatala ku Nkhoma. Adokotala anati chiwindi chawonongeka, n'kufunsa zimene amadya. Nditafotokoza, anati poizoni wa chuku sapsa pamoto.

Titabwerera kunyumba, ndinanyamula lichero lonse la mtedza wachuku kuti ndikakhuthule m'chimbudzi.

"Amake Loveness, mukutaya chakudya?" anafunsa ali gone pamkeka.

"Chaola ichi."

"Ndipatseniko kadzanja kamodzi kokha."

Ndinakana. Chikwatiranireni ndinali ndisanawamanepo chakudya. Sanapemphenso kanthu, ndipo anamwalira Lachisanu.