Waya wa pa boti la Bambo

Bambo anga anayamba kuwolotsa anthu pa boti ine ndisanabadwe. Mlatho utamangidwa ntchitoyo inatha, koma nkhaniyo inalowa m'mutu mwawo n'kutulukanso, monga zikutulukira zinthu zambiri masiku ano. Dzina langa linatuluka kalekale. Chimene chatsalamo ndi madzi.

Kukacha ndi nkhungu amatsetserekera kudoko atavala jekete, n'kuwerama pamene unyolo wa boti umakumana ndi mphete ya pachipilala. Pamenepo pali chitsulo chopindika cholumikizira ziwirizo, chotsekedwa ndi kabawuti. Zala zimene zimalephera batani la malaya, kabawuti kameneko zimakamasula ngati zikusenda nthochi. Akatero amapalasa kulowa m'nkhungumo, akucheza ndi okwera amene ine sindiwaona. Akuti okwerawo amakhala phee, madengu ali pamiyendo, onse maso ali kutsidya.

Tsiku lina asodzi anawapeza kutali, nkhafi itapita ndi madzi, iwo akungomwetulira. Ndinalira chifukwa cha mantha, kenako ndinalira chifukwa cha mkwiyo. Mchimwene wanga pafoni anangoti, "Gulitsani botilo." Pakamwa pamapepuka munthu ukakhala kutali.

Ndinapita kushopu ya zitsulo. Zolumikizirazo zinali lende pamisomali, zazikulu ndi zazing'ono, zikugundana pang'onopang'ono ndi mphepo ya pakhomo. Dzanja langa linathamangira chonyezimira.

"Unyolo wanu ndi wotuwa uja, eti achemwali?" anafunsa mwini shopu. "Ndiye chonyezimiracho chisiyeni. Zikakhala limodzi m'madzi chimaudya unyolo mwakachetechete. Tengani chotuwa chinzake, chonenepa pang'ono kuposa unyolowo."

"Ndikufuna choti munthu asamasule ndi manja."

"Akuba?"

"Ayi. Bambo anga."

Sanafunsenso. Anatsitsa china cha bawuti ndi nati, chokhala ndi kabowo kumapeto, n'kundidulira waya wosachita dzimbiri. Anati ndimange nati ndi sipanala, ndipise waya pakabowopo, ndipote. Popanda waya, madzi okha amamasula nati ndi kugwedeza kwawo, ngakhale palibe waigwira.

M'mawa mwake ndinalawirira kudoko Bambo asanadzuke. Nkhungu inali itameza tsidya lonse, boti likungoyandama ngati lapachikidwa m'mwamba. Ndinachotsa chitsulo chakale, chosalala ndi zala zawo, n'kuchiponya m'thumba. Chatsopano chinalowa bwinobwino. Ndinakoka sipanala mpaka phewa linalira. Koma waya anandikana. Ndikapota ndi pulayazi ankaterereka, ndikapotanso ankandibaya, ndipo mumtima ndinkadziona ngati wakuba.

"Mayi, simupota choncho."

Bambo anali ataima kumbuyo kwanga, jekete atalimanga mabatani mopingasa. Anagwada pambali panga, maondo akulira, n'kutambasula dzanja. Ndinawapatsa pulayazi. Ndikanatani?

Anayamba ayeza chitsulocho m'manja, n'kugwedeza mutu movomereza. "Mwasankha bwino. Ambiri amathamangira zonyezimira." Anamasula zopotapota zanga zonse, n'kupisa waya pakabowo, kumuzunguliza, kumupisanso, n'kuyamba kupota modekha. Ankaimba chapansipansi. Kapotedwe kake kanatuluka kolingana ngati tsitsi loluka. Anadula kotsalako, n'kupinda nsonga kuti isadzabaye munthu.

"Basi," anatero. "Ili silichokanso pano. Angakhale mwini wake, popanda zida angolira nalo."

Madzi ankamenya m'mimba mwa boti pang'onopang'ono, unyolo ukumira n'kuvuuka.

Anasisita mphumi ya botilo, pamene utoto unasupuka. "Boti labwino. Ndi la ndani, mayi?"

"Ndi la bambo anga."

"Oho. Nanga mwawauza?"

"Ayi."

Anandiyang'ana ndi nkhope ija ankandiyang'ana nayo ndikanama ndili mwana. "Si bwino zimenezo. Munthu wa pamadzi simum'mangira boti kuseri. Mumamuuza pamaso, alire, athane nazo."

Ndinagwira dzanja lawo lozizira, pulayazi idakali momwemo. Ndinawayang'ana m'maso.

"Bambo, ndamanga boti lanu. Simuwolokanso."

Anayang'ana kumene kumayenera kukhala tsidya. Kenako anandisisita pamsana.

"Mwanena bwino, mayi. Mukawauze choncho kumene."