Nyumba Yanga Ndipita Nayo

"Pofika Loweruka mukhale mutachoka. Malo ano ndi akwathu."

Amene ankalankhula choncho anali alamu awo a Anasingano, mkulu wawo wa malemu amuna awo. Anangoima pakhomo, ngakhale mpando anaukana. Anasingano, mayi wosoka zovala amene dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale, anaimitsa makina n'kuwayang'ana.

"Malo ndi anu, sindikukana. Nanga nyumbayi?"

"Nyumba imatsata malo, mlamu. Munaonapo nyumba ikuyenda? Loweruka ndibwera ndi loko."

Ha, anthu ena alibe manyazi! Nyumbayo inali ya matabwa. Anasingano ndi amuna awo anaigula pang'onopang'ono ku gulu lothandizana pa zomanga nyumba la m'deralo, chipupa chimodzichimodzi. Anayamba ndi chipinda chimodzi. Ana atakula analumikizako china, kenako kachipinda kosokeramo. Nthawi yonseyo alamuwa ankaiseka kuti ndi khola la nkhuku. Lero kholalo lakoma chifukwa mwana wawo akufuna kukwatira ndipo alibe pogona.

Mtima wa Anasingano unawira. Anauza ana awo kuti atulutse katundu yense panja, iwo n'kutenga nkhwangwa. Ngati iwo sagonamo, palibenso wina adzagonemo. Anazungulira kuseri n'kutema chipupa kuti kho!

"Aaa, aneba! Mwayamba kuwaza nkhuni pa nyumba?"

Anali akalipentala a nyumba yoyandikana, amene ankakonza zipupa za gululo. Anabwera akuthamanga, pensulo ili kukhutu.

"Ndisiyeni! Thukuta langa lisadyedwe ndi munthu amene sanakhomepo ngakhale msomali umodzi. Bola ndiiphwanye!"

"Mukaiphwanya, anawa agona kuti? Makinawo muwaika pamvula? Alamu anu sataya kanthu, wotaya ndinu." Akalipentala anawalanda nkhwangwa ija mwaulemu. "Tabwerani muone. Apa pakona pali chiyani?"

"Mabawuti."

"Eya, mabawuti, osati misomali. Amuna anu ankafuna kukhoma misomali kuti zithe msanga, ine ndinakana mpaka tinayambana. Chipupa chokhoma ndi misomali chimachoka chitang'aluka. Cha mabawuti chimamasuka chathunthu. Nyumba yanuyi imayenda, aneba."

Anasingano anaseka, kuseka koyamba chimwalirireni amuna awo.

"Ndibwerekeni sipanala. Ndiyamba pompano!"

"Pang'onopang'ono. Mukaimasula mobisa, mawa adzati mwaba. Tiyeni kaye kwa amayi apampando."

Amayi apampando a gululo anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. Anaitanitsa akomiti, n'kutumanso uthenga kwa alamu aja kuti abwere adzanene mbali yawo. Alamuwo anayankha kuti alibe nthawi yokambirana za khola.

"Chabwino," anatero amayi apampando. "Tonse pano ndife mboni. Zipupa zija munkadzatenga ndinu ndi malemu, mutazisenza pamutu. Malo ndi a eni ake, asiyireni. Nyumba ndi yanu ndi ana anu. Pamalo a gulu pali mpata pafupi ndi mpopi, mukaimike pamenepo."

Kutacha, aneba anasonkhana. Anasingano anathamangira pa chipupa chimene anachitema chija kuti ayambire pomwepo, koma akalipentala anawagwira mkono.

"Mukufuna denga likugwereni? Timayamba pamwamba, timathera pansi. Komanso tisanamasule kanthu, tengani choko chanu chosokera chija."

Anawaonetsa kulemba chizindikiro chofanana mbali zonse ziwiri za malo amene zipupa zakumana: apa mtanda ndi mtanda, apo nyenyezi ndi nyenyezi. Anasingano anaimvetsa msanga ntchitoyo, pakuti ndi mmene amachitira ndi manja a malaya asanawalumikize. Mabawuti onse ankawaponya m'chitini chimodzi kuti asasowe.

Malata anatsika, mitengo ya denga inatsika. Pokweza chigawo chachikulu cha denga pa ngolo, mayi wina wogulitsa masamba anafuula kuti, "Gwirani uko! Mutu umodzi susenza denga!" Anthu anafa nacho chiseko, chifukwa dengalo linalidi pamitu pawo.

Zipupa zinamasuka bwinobwino, kupatula chimodzi. Pomwe panagwa nkhwangwa paja thabwa linali litang'aluka, moti linafunika kusintha.

"Mwaona ntchito ya mkwiyo?" anatero akalipentala.

"Ndaona. Musachite kulengeza."

Kumalo atsopano anayamba ndi kuika timizati ta simenti, kuti matabwa asakhudze dothi, chiswe ndi chinyezi zisapeze polowera. Anapakanso mankhwala m'munsi mwa matabwa onse. Kenako mtanda unapeza mtanda unzake, nyenyezi inapeza nyenyezi inzake. Popeza zipupa zonse zinali za muyeso umodzi, Anasingano anasintha maganizo ntchito ili mkati.

"Kachipinda kosokeramo kayang'ane kumsewu. Makasitomala azindiona."

"Zotheka," anatero akalipentala, n'kungosinthanitsa chipupa cha zenera ndi chinzake.

Loweruka linafika. Anasingano sanafune kuti za kubwera kwa alamu awo achite kumva kwa anthu. Anavala diresi yawo yabwino, anabwerera kumalo akale aja, anawasesa mpaka mbee, n'kukhala pa mwala kudikira.

Alamu aja anatulukira ndi mwana wawo, loko watsopano akuwala m'manja. Anaima. Anayang'ana uku, anayang'ana uko. Panali bwalo losesa bwino ndi mtengo wa mthunzi basi.

"Nyumba ili kuti?"

"Yayenda, alamu."

"Mwaba! Ndikakusumirani!"

"Pitani. Akomiti anakuitanani, munati mulibe nthawi. Onse aja ndi mboni, ndipo akukudikirani. Munapempha malo anu, ndi awa. Sindinatengeko ngakhale dothi lodzaza supuni."

Mwana wawo uja anayang'ana pansi ndi manyazi. Anasingano anaimirira, anakutumula diresi yawo, n'kuloza loko uja.

"Ameneyo musungeni. Mukadzamanga khola lanu, adzagwira ntchito."

Masana omwewo makina anayambanso kulira pazenera loyang'ana kumsewu, ana akusewera pakhonde la nyumba yawo yomwe ija.

Abale, phunziro ndi ili. Ngati mukumanga nyumba ya matabwa, makamaka pamalo amene si anu, mangani ya zigawo za muyeso umodzi, yolumikiza ndi mabawuti, yokwezeka pamwamba pa dothi. Banja likakula mudzawonjezera chipinda, mukasamuka mudzapita nayo. Ndipo wina akafuna kukulandani, musathamangire nkhwangwa. Itanani mboni, itanani aneba, tengani sipanala. Thukuta lanu ndi lanu.