Silipasi ya Mayi Nagat

Zaka makumi awiri ndakhala ndikuyala katundu m'zipinda zojambulira kanema kuno ku Cairo, osalakwitsapo ngakhale supuni. Ndiye tsiku lina miyendo itanditupa ndinavula masilipasi, basi imodzi n'kujambulidwa. Medhat, wotsogolera kanemayo, anaiona mochedwa, m'mawa wa tsiku loonetsa anthu koyamba: ili pakhomo pa chipinda cha m'kanemamo, yagona chafufumimba, mphindi zinayi zathunthu.

"Mayi Nagat, Haji Fathalla akangoiona, inu ntchito yatha," anatero. Haji ndiye mwini kanema. Mtima unandiwawa, ndisaname. Pamsinkhu wangawu angandilembenso ntchito ndani?

Masana holo yoonetsera kanema inadzaza ndi anthu a ku Shubra, dera la kuno ku Cairo, aliyense akubudula nthanga. Chiwanda cha m'kanema wa Medhat chitatulukira, mano ngati a bulu, magazi chuchuchu, anthu anafa ndi phwete.

"Mlamu wanga uyo!" anakuwa bambo wina. "Wasowa masiku onsewa, kani ali m'kanema?"

Medhat anamira mumpando. Kenako chinafika chipinda chija. Mtsikana wa m'kanemamo akungopesa tsitsi, palibe chikuchitika, koma holo yonse zii. Mayi wina anayamba kutchula dzina la Mulungu chapansipansi.

"Iwe mtsikana, sukuona?" anakuwanso bambo wa mlamu uja. "Itembenuze! Ukuitana tsoka m'nyumbamo!"

Mtsikanayo anaimirira n'kungoidumpha. Anthu anabuula. Kwathu kuno ngakhale mwana sangadutse silipasi yogona choncho osaitembenuza, ndipo apa panalibe woti n'kuifikira. Ine mwini wakene zala zinkandiyabwa.

Magetsi atayaka, Haji anapsompsona Medhat pamutu. "Silipasi ija! Mwana iwe uli ndi mutu!"

"Ndinaiganizira mwezi wathunthu, Haji," anatero Medhat, wopanda ndi manyazi omwe.

Haji anatembenukira kwa ine. "N'zoona, Mayi Nagat?"

Ndinakonza mpango, ndinatsokomola, ndinayang'ana kudenga. Medhat thukuta kamukamu, maso ali pakamwa panga. M'makanema onse oopsa amene ndagwirako, nkhope ya mantha ngati imeneyo sindinaionepo, ndipo inandikoma bwanji!

"N'zoona, Haji," ndinatero. "Ndipo wanena kuti kanema wotsatira sangajambule popanda ine. Si choncho, mwananga?"

Medhat anavomera msangamsanga. "Ndi choncho, Mayi."